Dikoni Womiza Mitengo ya Khirisimasi

Kwathu ku Sweetgum Bend kunalibe munthu wokhulupirika ngati a Elzie Crumpton, ndipo kunalibenso wabodza ngati iwo omwewo. Ziwirizi zinkakhala mwa munthu mmodzi osakangana. Anali dikoni wa mpingo wa Baptist zaka makumi atatu ndi zinayi, sankalawa mowa, sankatukwana ngakhale hamala iwaphwanye chala. Koma ukakumana nawo padoko atanyamula ndowa yodzaza nsomba n'kuwafunsa kuti, "Adikoni, mwazigwira pati zimenezi?" ankakuyang'ana ndi nkhope ija ya pa Mgonero wa Ambuye, n'kuyankha kuti, "Pakamwa."

Ukakakamira, ndiye bodza lenileni linkayamba. Ankakulozera kumpoto pomwe achokera kummwera. Ankakuuza kuti lero zikudya nkhululu pomwe m'bwato mwawo muli tinsomba ta nyambo tokhatokha. Mkulu wina wa ku Memphis anamutumiza kuseri kwa chilumba, chikhalirecho nyanja yathu ilibe chilumba, ndipo anabwerako madzulo atapsa ndi dzuwa, mafuta atamuthera.

Nsomba zomwe ankabisira anthu chonchi si zazikulu ayi. Ndi kirapi, tinsomba tophwatalala tamawangamawanga, tokula ngati chikhatho cha munthu. Kungoti kuno ku Mississippi kirapi wogubuduzidwa mu ufa wachimanga n'kukazingidwa mpaka kuuma m'mbali ndi nkhani yoti abale amatha kusiyira kulankhulana.

Kirapi sakonda poyera. Amakonda pa nthambi zomira, pomwe tinsomba tating'ono timabisala. Izi aliyense amadziwa, koma a Elzie okha ndi amene anazitenga ngati maitanidwe. Chaka chatsopano chikangolowa, anthu akayamba kutaya mitengo ya Khirisimasi m'mbali mwa msewu, iwo ankazungulira tauni yonse ndi kagalimoto kawo kobiriwira kutolera. Mtengo uliwonse ankaumangirira buloko ya simenti kutsinde, n'kudikira m'mawa wa chifunga choti sungaone ndi dzanja lako lomwe, n'kukaumiza pamalo odziwa iwo okha ndi Mulungu. Ndipo Mulunguyo, ankatero iwo, sawedza.

Nthawi zina changu chinkawapitirira. Mayi Lurleen Stokes anatulutsa mtengo wawo pakhonde kuti asese m'nyumba, ndipo potuluka ndi tsache anaupeza uli kale m'galimoto yobiriwira.

"Adikoni, mtengo wangawo ukupita kuti?"

"Ine ndimayesa mwautaya, mayi."

"Ndautaya uli ndi mngelo pamwamba? Khirisimasi inali dzana."

"Mngeloyo tsitsani. Koma mtengowu ukuoneka kuti watopa."

Ngakhale mtengo wa m'tchalitchi sunkapulumuka. Abusa atsopano atamva komwe umapita, anawaitanira pambali n'kuwauza mwaulemu kuti chinthu chomwe chaima pafupi ndi guwa sichiyenera kukathera m'matope.

"Abusa," anatero a Elzie, "ife a Baptist sitiwaza madzi pamutu. Timamiza."

Mtengo unapita.

Munthu yekhayo amene ankaloledwa kukwera bwato lawo anali mlamu wawo, Thurman Beasley, mlongo wamng'ono wa akazi awo a Vernice. Thurman ankayendetsa basi ya ana asukulu, chimunthu chachikulu thupi, chofatsa kufikira utachiputa. Nayenso sankangokwera chikwerekwere. Bwato likangochoka padoko, a Elzie ankatulutsa thumba la pilo lamaluwamaluwa.

"Vala, mlamu."

"Alamu, zaka makumi awiri ndikuvala chimenechi. Ndinaululapo chiyani ine?"

"Palibe. Chifukwa palibe chomwe unaona."

Akamuveka, ankazungulitsa bwato kawiri katatu kuti mutu usokonezeke, kenako n'kulunjika komwe akupita. Tsiku lina wolondera nyanja wa boma, amene anali atangotumizidwa kuno, anawathamangira ndi boti lake dzanja lili pamfuti.

"Bambo inu, munthuyo mukupita naye kuti?"

"Kokawedza," anatero a Elzie.

"Inu muli m'thumba, mukundimva? Akukukakamizani?"

"Ayi bwana," anayankha mawu a m'thumba. "Ndi alamu anga awa. Ndinazolowera."

Thurman ankadandaula za thumbali kwa aliyense wofuna kumva, koma Loweruka likakwana ndi iye ankayamba kufika padoko. Pochotsa thumba ankapeza nangula ataponyedwa kale, ndipo usanakhazikike bwino kachoyandama ka pachingwe cha mbedza kankakhala katamira. Pofika masana ndowa ziwiri zinkakhala zitadzaza. Komanso m'bwatomo ndi momwe a Elzie ankalankhula zinthu zomwe sankalankhula kumtunda: za mwana wawo woyamba amene anamwalira ali wakhanda, za mantha awo, za momwe anafunsirira a Vernice. Thurman analibe mnzake wina woposa ameneyu, ndipo ankadziwa.

M'thumbamo maso sankaona, koma makutu ankamva. Nthawi zonse akamayandikira malo, a Elzie ankang'ung'udza chapansipansi kuti, "Thanki pa mtanda, thanki pa mtanda, chitsa kumanja." Poyamba Thurman ankayesa ndi pemphero. Patapita zaka anazindikira kuti alamu ake ankalunjikitsa thanki yamadzi ya pansanja, ya kufakitale yakale ya thonje, ndi mtanda wa padenga la tchalitchi. Malo ena ankailunjikitsa ndi chimtengo chouma, ena ndi denga lofiira la nkhokwe ya tsidya lina. Malo onse, oposa makumi anayi, anali m'mutu mwawo, ndipo onsewo ankadalira thanki imodzi yomweyo. Sanalembepo paliponse, poti ankati cholembedwa chimawerengedwa.

Chaka chomwe a Elzie anakwanitsa zaka makumi asanu ndi awiri kudza zinayi, eni fakitale anagwetsa thanki ija n'kutumiza zitsulo zake kwina. Inali ntchito ya masiku awiri. Anthu anapita kukaonerera, ana anawomba m'manja itagwa, ndipo palibe amene anaganiza za a Elzie. Thurman yemwe sanaganize msanga.

Nyengo ya kirapi imafika mitengo ya dogwood ikachita maluwa ake oyera m'mphepete mwa nkhalango. Chaka chimenecho maluwa anatuluka bwinobwino, koma Thurman anaona kuti akukhalitsa m'thumba. Bwato linkazungulira, kuima, kubwerera m'mbuyo, kuzunguliranso. Kung'ung'udza kuja kunasiya. Akaponya nangula ankakhala mpaka dzuwa kupendeka, kachoyandama kali phee ngati kagona.

"Wasintha sopo, mlamu," anatero a Elzie. "Nsomba zikumva fungo."

"Sopo ndi yemweyo kuyambira ndili kuusilikali."

"Ndiye ndi mwezi."

"Sabata yatha munati mphepo."

"Nayonso."

Atafika kunyumba ndi tinsomba titatu pansi pa ndowa, a Vernice anasuzumiramo nthawi yaitali, mafuta atatentha kale pachitofu.

"Timeneti ndikazinge," anafunsa, "kapena titipatse mayina tizitilera?"

Zinayenda choncho nyengo ziwiri. Kenako Thurman anapuma pantchito, ndipo mwana wake wamkazi wa ku Atlanta anamutumizira mphatso: kabokosi kagalasi konga ka kanema, koonetsa zomwe zili pansi pa madzi. Anakabisa m'chikwama cha kamba, pansi pa buledi. Loweruka lotsatira, nangula ataponyedwa, thumba litachoka kumutu, anakatulutsa.

"Chimenecho n'chiyani?"

"Maso, alamu."

"Kusuzumira nsomba zili m'nyumba mwawo. Amatero ndi anthu osaleredwa."

Thurman anatsitsira kawaya kake m'madzi n'kuyatsa. Pagalasi panaoneka mzere umodzi wowongoka, matope okhaokha, opanda ndi kanthambi komwe. Kenako mphepo inakankha bwato pachingwe chake, ndipo m'mphepete mwa galasi munatulukira chimulu cha nthambi, timadontho tambirimbiri titaunjikana pamwamba pake. Mitengo inalipo, nsomba zinalipo, koma cha kumanzere, mapazi ngati makumi anayi kuchokera pomwe anaima. Thurman anayang'ana galasi, anayang'ana alamu ake, anayang'ana kumtunda pomwe kale pankaoneka thanki. Anamvetsa zonse nthawi imodzi. A Elzie nawonso anaona kuti wamvetsa.

Apa munthu wanzeru akanangoti, "Alamu, mphepo yatikankha, tiyeni tisunthire kumanzere pang'ono," nkhani n'kuthera pomwepo. Koma zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi za thumba la pilo zinamukwera Thurman pakhosi, ndipo anaseka. Anaseka mpaka bwato kugwedezeka, misozi ili mbwee.

"Alamu, ndiye zaka ziwiri zonsezi mumandimanga kumaso kuti ndisaone kuti mwasochera?"

A Elzie anakoka nangula. Ulendo wobwerera kudoko Thurman anauyenda maso ali poyera kwa nthawi yoyamba, ndipo sanausangalale monga ankaganizira.

Zikanathera pamenepo mwina zikanapola. Koma nkhani yokoma imayabwa pakamwa. Lachisanu lake Thurman analowa mometera tsitsi mwa Odell, napeza anthu asanu ndi mmodzi akudikira, ndipo anaifotokoza yonse, n'kuthirako mchere. Anayerekeza kung'ung'udza kuja, anayerekeza za sopo. Anthu ankagwa pamabenchi ndi phwete. Odell yekha ndi amene sankaseka, ankangomuphethira diso n'kumaloza ndi mutu munthu amene anagona pampando, nkhope itakutidwa ndi thawulo lotentha. Thurman akanangoyang'ana nsapato akanazidziwa.

A Elzie anachotsa thawulo, analipinda bwinobwino, anatenga chipewa chawo n'kutuluka ndevu zisanametedwe. Pakhomo anatembenuka.

"Ndakumva, mlamu. Umafotokoza bwino."

Amenewo ndiwo mawu omaliza omwe anamuyankhula pamaso.

Thurman anapeza kabwato kakekake. Ndi kabokosi kaja, mwezi usanathe anali atapeza malo onse, makumi anayi ndi atatu, ndipo ndowa zake zinkadzaza mpaka kugawira achikulire a kumpingo. A Elzie ankapitabe okha. Thurman ankawaona chapatali ataponya nangula pamatope, atakhala chiwongokere, chipewa chili pamphumi, mitengo yawo ili pafupi poti akanatha kuigenda ndi mwala. Mtima unkamupweteka, sikuti ayi. Koma ankadziuza kuti, "Angondifunsa basi. Liwu limodzi lokha, ndiwalozera yonse." Ndipo a Elzie, munthu amene moyo wake wonse anthu ankamufunsa iye, sankadziwa poyambira kufunsa.

M'tchalitchi ankakhalabe benchi imodzi monga kale, a Vernice ali pakati. Nyimbo ankaimba imodzi, "Ameni" ankanenera limodzi, potuluka wina khomo ili wina khomo ilo. Thurman akatumiza nsomba kwa achemwali ake, a Elzie ankazinunkhiza n'kunena kuti nsomba yogwidwa ndi magetsi imamveka waya, kenako n'kudya zinayi. Ine ndimati onse awiri anali ouma mutu, koma wolakwa kwambiri anali amene ankadziwa njira.

Zinatha zaka ziwiri. M'nyengo yozizira yachiwiriyo mtima wa a Elzie unayamba kuvuta, ndipo adokotala anawaletsa kupita panyanja okha. Mu Febuluwale, Lolemba lina masana, a Vernice anafika kwa Thurman n'kumupeza akukonza mbedza pakhonde. Sanakhale pansi.

"Alamu ako akuti dogwood akachita maluwa ukawatenge."

"Anena okha zimenezo, achemwali?"

"Ndi pakamwa pawo. Akuti, uza mlongo wakoyo abwere ndi chiwayilesi chakecho, ndikaone ngati mitengo yanga ikadalipo."

Thurman anawerama ngati wataya mbedza. Zomwe anadikira zaka ziwiri zinali zitafika. Koma matama ndi matenda osamva mankhwala a tsiku limodzi.

"Chabwino. Maluwa akatuluka ndibwera."

"Bwanji osawatenga sabata yomwe ino? Akuti Lachinayi kukhala kotentha."

"Anena okha kuti maluwa. Tidikira maluwa. Ine ndadikira zaka ziwiri, iwo masabata anayi awavuta chiyani?"

"Thurman, munthu uja sali bwino."

"Alamu sangafe asanandinamizeko kachikena, achemwali. Musade nkhawa."

Lachinayi kunatenthadi, tsiku la dzuwa lokoma losochera pakati pa chisanu. Thurman anakoleka bwato kugalimoto kuti akayendere malo onse, asankhe abwino kwambiri okawaonetsa alamu ake tsiku lalikululo. Anali atagula ndi thumba la pilo latsopano loti akawaveke iwo, aseke onse awiri, nkhani ithe. Msewu wa kudoko umadutsa pakhomo pa a Elzie, ndipo anawaona atakhala pakhonde, atavala jekete ndi chipewa. Anachepetsa liwiro n'kukweza dzanja. A Elzie nawonso anakweza lawo. Anali moni woyamba m'zaka ziwiri, ndipo Thurman anaona kuti kwa tsiku limodzi zakwana. Anapitirira akuimba mluzu.

A Elzie anamwalira pa 9 Malichi m'mawa, atangomaliza kumwa khofi, ali pampando wawo. Dogwood anachita maluwa patatha masiku khumi, ochuluka kuposa zaka zonse.

Kuyambira pamenepo padoko pathu panazizira. Masiku ano pafupifupi bwato lililonse lili ndi kabokosi kagalasi, ndipo ukafunsa munthu komwe wagwira amatulutsa foni n'kukuonetsa malo ake enieni, mokoma mtima, osakunamizako ngakhale pang'ono. Umathokoza, koma umachoka ngati wadya ndiwo zopanda mchere. Palibenso woti umukwiyire, palibe woti umuzembere m'chifunga, palibe woti ukamunene kwa abusa. Kwa Odell nkhani ya thawulo sinatchulidwenso, ndipo Thurman akalowa anthu amayamba kukamba za mpira.

Iye sanapite panyanja nyengo yonseyo. Bwato linakhala kuseri kwa nyumba likutola masamba. Chakumapeto kwa Epulo, maluwa akuyoyoka, a Vernice anabweranso, atavala nsapato za kudimba ndi chipewa cha amuna awo.

"Nditengere ine. Zaka makumi asanu ndakhala ndikukazinga nsomba za mitengo imeneyi, sindinaionepo."

Thurman anawagwira dzanja pokwera, anawakhazika kutsogolo, anayatsa injini. Sanayende nthawi yaitali. Anazimitsa, anaponya nangula, anatembenuzira galasi kwa achemwali ake. Pansi panaoneka chimulu chachikulu, mitengo ya zaka zambiri itasanjikizana, nsomba zitazungulira pamwamba.

"Awa ndi malo awo abwino kwambiri," anatero. "Ndi pomwe ndinkafuna kubwera nawo."

A Vernice anayang'ana galasilo pang'ono chabe. Kenako anatembenuka kuyang'ana komwe achokera. Doko linkaoneka bwinobwino, galimoto ya Thurman inkaoneka, ngakhale galu amene anagona pansi pake ankaoneka.

"Tafika kale?"

"Tafika, achemwali."

"Tayenda mphindi zingati?"

"Zisanu. Mwina zisanu ndi imodzi."

A Vernice anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Sanakweze mawu, ndipo Thurman amanena mpaka lero kuti zikanakhala bwino akanamukalipira.

"Lachinayi lija lotentha anadzuka m'mamawa n'kuvala okha. Ndinawauza kuti wati maluwa. Iwo anati, mlamu wanga ndimamudziwa, ali ndi pakamwa koma mtima alibe wouma, dzuwa likatuluka chonchi sapirira. Utadutsa ndi bwato anatenga ndodo yawo n'kutsika masitepe, anayenda mpaka pachipata. Ndinawafunsa kuti mukupita kuti. Anati, wapita kukatembenuza galimoto, msewu ndi wopapatiza pano."

Thurman anagwira m'mphepete mwa bwato ndi manja onse awiri.

"Anaima nthawi yaitali bwanji?"

"Ndinawatengera mpando," anatero a Vernice. "Anaukana. Anati ukabwera usawapeze atakhala."